MKUNGUDZA WA PA PHIRI LA MULANJE NDI MABUNGWE AMENE AYESA KUUSUNGA

(Nkhani ya pa wailesi, yolankhulidwa kwa mafumu ndi alimi)

Nkhani yathu lero ndi ya phiri la Mulanje, ya mtengo wa mkungudza umene umera pamwamba pake, ndi ya mabungwe osagwirira phindu la ndalama amene akhala akuyesa kusunga mitengo, nyama ndi madzi a phirili. Ndi mbiri ya zaka zoposa 130. Timvetsere bwino, pakuti m'mbiri imeneyi muli funso limene likhudza munda wa munthu aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri: kodi zatheka bwanji kuti mtengo umene unali ndi alonda ambiri chotere wafika potsala pang'ono kutheratu?

PHIRI LIMENE LITIMWETSA

Inu a ku Mulanje Mission ndi midzi yozungulira, phiri ili muliona m'mawa uliwonse, kotero kuti mwina maso anazolowera. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'Malawi monse mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Mitambo yochokera ku nyanja ya mchere ikafika pa phirili imaima ndi kugwetsa mvula, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa udzu ndi masamba ngakhale kuchigwa kuli fumbi. Madzi amenewo amalowa pansi pang'onopang'ono, natuluka m'mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Muloza, Sombani ndi Phalombe. Tiyi wa m'maesiteti, nanazi, nthochi, madimba anu ndi mipopi ya m'midzi, zonsezi zimamwa ku phiri. Ngakhale anthu ena a ku Blantyre masiku ano akumwa madzi a Likhubula odzera m'mapaipi.

Makolo athu, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, ankaopa phiri ili. Ankati ndi mudzi wa mizimu. Ku Dziwe la Nkhalamba ndi malo ena otere ankapereka nsembe, ndipo munthu sankakwera mwachisawawa kapena kudula mtengo pamalo opatulika. Mantha amenewo anali ngati mpanda. Koma tisaiwale kuti pa nthawiyo anthu anali ochepa, malo olima anali ambiri, ndipo macheka ochekera matabwa kunalibe.

KUFIKA KWA MISHONI, BOMA NDI TIYI

M'chaka cha 1890 mbusa wa Church of Scotland, Robert Cleland, anadza kudzayamba ntchito ya mishoni ku Mulanje, ndipo anamwalira chaka chomwecho. Anzake anapitiriza ntchito, ndipo mishoni imeneyo ndiyo Mulanje Mission ya mpingo wa CCAP, ya sukulu ndi chipatala, imene muidziwa lero. M'chaka chotsatira, 1891, Henry Brown anabzala tiyi pa Thornwood. Ndicho chiyambi cha minda ya tiyi imene yazinga phiri kumwera.

M'chaka chomwecho cha 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa Boma la Harry Johnston, anakwera phiri napeza mitengo yaitali, yowongoka, yonunkhira, imene eni dziko ankaitcha mkungudza. Anatumiza nthambi zake ku London, ndipo mu 1894 akatswiri a kumeneko anaupatsa dzina la Widdringtonia whytei, pokumbukira Whyte yemweyo. Anapeza kuti mtengo umenewu sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa Mulanje basi.

Tsoka la mkungudza linali ubwino wake. Thabwa lake chiswe sichidya, madzi saliwoletsa msanga, ndipo silivuta kupala. Boma linayamba kucheka mitengoyi kuti limangire nyumba zake ku Zomba ndi kwina. Pambuyo pake matabwa ake anapanga zitseko, mipando, mabokosi ndi mabwato a ku nyanja. Amuna ankasenza matabwa pamutu kutsika nawo m'njira zoterera za m'phiri, monga achitira ena kufikira lero. Tsono dziwani ichi: oyamba kucheka mkungudza wambiri sanali anthu a m'midzi ayi, koma Boma ndi makampani amene linawapatsa chilolezo.

Nthawi yomweyo malo a kuchigwa anayamba kuchepa. Nthaka yabwino inalowa m'maesiteti, ndipo Alhomwe ambiri anadza kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nakhala pa maesiteti mwa thangata. Anthu atachuluka ndi minda itachepa, khasu ndi nkhwangwa zinayamba kukwera phiri.

NTHAWI YA MALAMULO

Boma litaona kuti mitengo ikutha linakhazikitsa malamulo. Mu 1926 linayambitsa nkhalango za m'midzi, zimene zinali m'manja mwa nyakwawa. Mfumu inkapatula malo, niletsa moto ndi mbuzi, ndipo munthu wofuna mtengo wa nyumba ankapempha kwa mfumuyo. Mu 1927 phiri la Mulanje linalembedwa kukhala nkhalango yotetezedwa ya Boma, malire naikidwa.

Njira ziwirizi zinali zosiyana. Nkhalango ya m'mudzi anthu ankati ndi yathu. Nkhalango ya pa phiri ankati ndi ya Boma, ndipo chinthu cha Boma ambiri sankachiyesa cha munthu.

Zinaipiraipira pamene lamulo la 1946 losunga nthaka linabweretsa malimidwe okakamiza. Akuluakulu akukumbukira alangizi oyenda ndi chingwe kuyesa mizere, ndi anthu olipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa chifukwa cha migula. Mizere yopingasa inali nzeru yabwino, ndipo ambiri mwa inu mulima chotero lero popanda wokukakamizani. Koma chifukwa inadza ndi chikoti, anthu anaida, ndipo mu 1953, chaka cha Chitaganya, ku Thyolo ndi ku Mulanje kunabuka zipolowe zimene mkwiyo wa malo, thangata ndi malimidwe unasonkhezera. Kuyambira pamenepo mau akuti kusunga nthaka ndi mitengo anamveka kwa ambiri ngati mau a mtsamunda. Ndipo m'zaka zotsatira ufulu wa 1964, mphamvu ya mafumu pa mitengo itachepetsedwa, nkhalango zambiri za m'midzi zinasanduka minda.

MABUNGWE OYAMBA

Tsopano tifike pa mabungwe. Bungwe lotere si Boma, ndiponso si kampani. Silitolera msonkho, siligawana phindu. Ndi anthu amene agwirizana kugwira ntchito imodzi ndi ndalama za zopereka.

Loyamba m'dziko muno pa nkhani ya nyama linabadwa mu 1947, dzina lake Nyasaland Fauna Preservation Society. Eni ake poyamba anali azungu amene anaona kuti nyama za m'tchire zikutha ndi mfuti, ndipo anaumiriza Boma kupatula malo osungira nyama. Bungwe limeneli ndilo lero litchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi. Litalowa m'manja mwa Amalawi, ntchito yake yaikulu inakhala timagulu ta ana a sukulu, ndi kabuku kao kotchedwa Nantchengwa. Ana ambiri anayambira m'timagulu timeneti kudziwa maina a mbalame ndi kufesa mitengo.

Mu 1952 okonda kukwera mapiri anapanga bungwe lao, limene lero ndi Mountain Club of Malawi. Iwo athandizana ndi a Nthambi ya Nkhalango kusamala tinyumba ta alendo ta pamwamba, monga ta ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani. Mpingo wa CCAP nawonso uli ndi kanyumba kake ku Lichenya ndi nyumba ya alendo ku Likhubula. Alendo odzaona phiri amalemba anyamata a m'midzi kuwatsogolera ndi kuwanyamulira katundu, ndipo apa mpamene anthu ena anayamba kuona kuti mtengo woimirira nawo ungadyetse banja.

Mabungwe awa anachita zabwino, koma anali aang'ono, ndipo kwa zaka zambiri sanakhale pa bwalo la mfumu kufunsa eni mudzi maganizo ao.

ADANI ANAI A MKUNGUDZA

Mu 1984 Dr. Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza ndiwo mtengo wa fuko la Malawi. Ulemu unali waukulu, koma adani a mtengowu sanauleke.

Mdani woyamba ndi macheka. Boma linaika lamulo lakuti acheke mitengo yakufa yokha. Lamulo linaoneka lanzeru, koma anthu ochenjera anayamba kusenda khungwa la mtengo wamoyo kuzungulira, kapena kuutentha m'tsinde, kuti chaka chamawa ukhale wakufa ndi wololedwa. Pambuyo pake Boma linaletseratu kucheka, koma macheka anapitirira usiku.

Wachiwiri ndi moto. Mkungudza sumera bwino mu mthunzi wa mitengo ina. Umera m'mphepete mwa nkhalango, moyandikana ndi udzu, ndipo umakula pang'onopang'ono. Moto wa osaka nyama ukadutsa m'chilimwe, timitengo tonse tating'ono timapsa. Nkhalango ya nkhalamba zokhazokha, yopanda ana, mudziwa nokha kumene ipita.

Wachitatu ndi paini. M'zaka za m'ma 1940 a Nkhalango anabzala paini wochokera ku Mexico pa Chambe ndi malo ena, ndi cholinga chabwino chopezera matabwa. Koma paini amakula msanga, mbeu zake zimauluka ndi mphepo, ndipo analanda malo amene mkungudza ukadamera.

Wachinai ndi nsabwe za m'mitengo zochokera kunja, zimene zinaoneka m'Malawi mu 1986. Zimayamwa madzi a nthambi mpaka masamba kufiira.

Akatswiri atayesa mu 1989 anapeza mkungudza pa mahekitala 1,462. Chiwerengero china chimene chinasindikizidwa mu 2007 chinapeza mahekitala 845 okha, ndiye kuti maekala oposa pang'ono 2,000, ndipo pafupifupi mtengo umodzi mwa itatu iliyonse yoimirira unali wouma kale.

BUNGWE LA PHIRI LENILENILO

Poona zimenezi, anthu okhudzidwa anakhazikitsa bungwe la phiri ili lokha, la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene ambiri mungolitcha MMCT. Linayamba ntchito zake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi thandizo la thumba la maiko losamalira chilengedwe kudzera ku World Bank, ndipo pambuyo pake dziko la Norway linathandizanso. M'chaka cha 2000 bungwe la UNESCO linaika Mulanje m'kaundula wa malo a chilengedwe ofunika pa dziko lonse.

Makonzedwe a ndalama za bungweli ndi oyenera kuwamvetsa. Gawo lalikulu la ndalama silinaperekedwe kuti lidyedwe. Linasungidwa kuti lizibala, ndipo bungwe ligwiritse ntchito zobalazo chaka ndi chaka. Zili ngati munthu wopatsidwa ng'ombe yaikazi, nauzidwa kuti, kama mkaka koma usaiphe.

Ndi mkaka umenewo bungweli, pamodzi ndi a Nthambi ya Nkhalango, lalemba anthu a m'midzi kulambula njira zotchingira moto chaka chilichonse, lazula paini pamwamba pa phiri, lagawa mbande za mitengo, laphunzitsa ulimi wa njuchi ndi wa nsomba, ndipo linathandiza kuyambitsa magetsi a madzi a mtsinje wa Lichenya ku Bondo, amene aunikira nyumba, sukulu ndi chipatala cha kumeneko. Anthu a ku Bondo aona ndi maso ao kuti mtsinje ukaphwa, nyale nazo zimazima.

Koma tinene zoona, pakuti wailesi si malo onamizana. Ngakhale ntchito zonsezi zinachitika, mkungudza unapitirira kugwa. Mu 2017 akatswiri anayenda phiri lonse kuwerenga mitengo yaikulu yobala mbeu, napeza isanu ndi iwiri yokha. Pofika 2018 nayonso inali itadulidwa.

Chifukwa chake nchiyani? Thabwa limodzi la mkungudza linali ndi mtengo woposa ganyu wa masiku ambiri, ndipo mnyamata wopanda munda sanaone njira ina. Ogula anali anthu a ndalama a m'mizinda, ndipo ziphuphu zinatsegula njira zambiri. Alonda anali ochepa pa phiri lalikulu chotere. Koma pali chifukwa china chimene tiyenera kuchinena pamaso pa mafumu. Thabwa siliuluka. Lililonse linatsika pamutu pa munthu, linadutsa m'njira ya m'mudzi, linagona kuseri kwa nyumba ya wina kudikira galimoto. Anthu anaona, nati, si zathu, nza Boma ndi za bungwe. Maganizo aja a 1927 anali asanafe.

MBEU ZINAPULUMUKA KU ZOMBA

Mwai unalipo umodzi. Kale a Nkhalango anabzala mkungudza wina pa phiri la Zomba, ndipo mitengo imeneyo inali kubala mbeu. Kuyambira 2016 MMCT, a kafukufuku wa nkhalango a ku Zomba otchedwa FRIM, ndi bungwe la minda ya zomera la Botanic Gardens Conservation International, ndi ndalama za Darwin Initiative ya ku Britain, anayamba njira yatsopano. M'malo mofesa okha, anaphunzitsa magulu a m'midzi yozungulira phiri, amai ambiri ali momwemo, kusamala manazale. Magulu amafesa, bungwe limagula mbande, ndipo anthu a m'midzi yomweyo amazisenza kukwera nazo kukabzala. Mbande mazana a zikwi zabzalidwa chotero.

Si zonse zaphuka. Zina zapsa ndi moto, zina zauma. Ndipo zimene zapulumuka zidzafuna zaka makumi ambiri zisanafanane ndi mitengo ija Whyte anaiona. Wobzala mkungudza lero abzalira adzukulu. Koma kusiyana kwake ndi uku: kwa nthawi yoyamba mai wa m'mudzi walandira ndalama chifukwa cha mkungudza wamoyo, osati wakufa. Mabungwe ena, monga WeForest, agwiranso ntchito ndi midzi kubwezeretsa nkhalango za mombo ndi masuku za m'munsi mwa phiri, zimene makala ndi nkhuni zawononga.

Nyama nazo zidalira mitengo yomweyi. Chinkhoma cha m'matanthwe, apusi ndi mbalame za m'nkhalango zachepa chifukwa cha misampha ndi agalu. Pa phiri ili pali mtundu wa nadzikambe wosapezeka kwina, ndipo akatswiri anatenga dzina lathu lomweli nautcha Nadzikambia. Nkhalango yake ikatha, dzina lidzatsala m'mabuku okha.

NAPOLO NDI KUSINTHA KWA NYENGO

Wina angafunse kuti, ine ndine mlimi wa chimanga ndi nandolo, mkungudza undithandiza chiyani? Yankho lili m'madzi.

Mu Malichi 1991 napolo anatsika ku phiri la Michesi nakokolola midzi ya ku Phalombe, anthu mazana namwalira. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yosaleka masiku angapo, miyala ndi matope zinatsika ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo m'dziko muno munafa anthu oposa 1,000. Akatswiri atiuza kuti utsi wa mafakitale ndi magalimoto, makamaka wa maiko olemera, watenthetsa dziko ndi nyanja, ndipo namondwe masiku ano amanyamula mvula yambiri kuposa kale. Maiko anapangana ku Paris mu 2015 kuchepetsa utsiwo, koma ntchitoyo ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo mlimi wa kwa Mabuka kapena kwa Nkanda sangaifulumize.

Sitinena kuti mitengo ingaimitse napolo aliyense. Mvula ikapyola muyeso, ngakhale phiri la nkhalango limagumuka. Koma mudziwa kusiyana kwa mvula yogwa pa udzu ndi yogwa pa bwalo losesa. Pamene pali mitengo, mizu imagwira dothi, masamba ogwa amamwa madzi, ndipo mtsinje umayenda mpaka mwezi wa Okutobala. Pamene pali poyera, madzi onse amatsika tsiku limodzi ndi nthaka yanu, ndipo m'chilimwe amai amakumba mchenga kufuna madzi. Utsi wa maiko akutali suli m'manja mwanu. Mtunda wa kumtunda kwa mudzi wanu uli m'manja mwanu.

MAU KWA MAFUMU NDI ALIMI

Mu Julaye 2025 UNESCO inalemba phiri la Mulanje kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Chifukwa chimene anapereka si matabwa ayi, koma miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, ndi malo ao opatulika. Ndiye kuti maiko avomereza chimene makolo athu ankadziwa, kuti phiri ili lili ndi eni ake.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mabungwe adza ndi kalumo: mbeu, maphunziro ndi ndalama. Tiwalandire, tiwafunsenso mafunso, kuti ndalama zapita kuti ndi kuti mudzi upindula chiyani. Koma ntchito ya bungwe imakhala ndi chaka chotha, pamene mudzi ulibe chaka chotha.

Lamulo la nkhalango la 1997 linabwezera mafumu mphamvu yopatula nkhalango za m'midzi, ndipo linalola midzi kusankha makomiti osamala zachilengedwe ndi kupangana ndi Boma za kasamalidwe ka mbali ya nkhalango yotetezedwa. Lamuloli linakonzedwanso mu 2020, ndipo zilango za odula mitengo ndi ootcha makala popanda chilolezo zinakula.

Tsono inu mafumu, itanani anthu anu mvula isanagwe. Patulani malo a nkhalango ya mudzi, ngakhale ekala imodzi, ndi kulemba malire ake pamaso pa onse. Komiti isankhidwe pa bwalo, osati m'nyumba, ndipo amai akhalemo, pakuti ndiwo ayenda mtunda kufuna nkhuni ndi madzi. Mlandu wa moto wa m'tchire uweruzidwe monga mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha mwini. Ndipo matabwa a mkungudza akagona m'mudzi mwanu, musati simunaone.

Inu alimi, musalime kufika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani mpata, mubzalemo nsungwi, mbawa kapena udzu wogwira nthaka. Zitsa za mombo ndi masuku zimene zikuphukira m'munda musazitenthe. Tengulirani, musiye mphukira ziwiri kapena zitatu, pakuti chitsa chokhala ndi mizu kale chimakula msanga kuposa mbande. Amai ayese mbaula ya chitetezo, imene idya nkhuni zochepa. Amene muli pafupi ndi nazale, pitani mukafunse za mbande.

Mutu umodzi susenza denga. Boma linayesa lokha ndi malamulo, mabungwe anayesa ndi ndalama, ndipo mitengo isanu ndi iwiri yotsiriza inagwabe. Timitengo timene tili pa phiri lero tafika m'chiuno, tina m'mapewa. Kuti tidzabale mbeu zidalira ngati moto wa chilimwe chino ndi cha mawa udzapeza anthu ouzima.